Kupempha Chigono m'Chipululu: Za Zilolezo Zogonera Kuthengo m'Mapaki a ku America

Munthu amene adamvapo kuti ku United States of America kuli nkhalango, mapiri ndi zigwa za boma, zotambalala kotero kuti wapaulendo angathe kuyenda pansi masabata awiri osapeza mudzi kapena kudutsa msewu wa galimoto, sangalephere kuzizwa akamva kuti yense wofuna kugona ngakhale usiku umodzi wokha m'kati mwa zambiri mwa zipululu zimenezo ayenera kuyamba wapempha chilolezo, kawirikawiri miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi tsiku la ulendo lisanafike, ndiponso kuti pempho lakelo lingathe kukanidwa, osati chifukwa cha mlandu wina uliwonse, koma chifukwa chakuti maere sadamgwere. Kodi thengo nalonso n'kukhala ndi mlonda wa pakhomo? Ngati malowo ali a mtundu wonse, monga momwe malamulo a dzikolo anenera, n'chifukwa ninji mwini chinthu achita odi polowa m'chake chomwe? Mafunso amenewa si achibwana ayi, pakuti eni dziko nawonso akhala akulimbana nawo zaka zoposa 50. Ndipo kuti tiwayankhe mosakondera tiyenera kuona kumene mwambowu udachokera, njira zimene zilolezo zimagawidwira, zimene wopempha amachita, ndi madandaulo a iwo amene mwambowu umawapsinja.

Muzu wa nkhaniyi uli m'malamulo omwe adabala mapakiwo. Paki yoyamba, ya Yellowstone, idapatulidwa m'chaka cha 1872, ndipo mu 1916 nyumba ya malamulo idakhazikitsa nthambi ya boma yotchedwa National Park Service, niisenzetsa maudindo awiri amene kufikira lero lino sadaleke kukokana: kusunga malowo, nyama zake ndi zomera zake kuti zidzukulu za mtsogolo zidzawapeze osaonongeka, ndiponso kuwatsegulira anthu a lero kuti akondwere nawo. Mu 1964 Pulezidenti Lyndon Johnson adasaina lamulo lina, la Wilderness Act, limene mlembi wake wamkulu adali Howard Zahniser, lopatula zigawo zina kuti zikhale chipululu chenicheni, kopanda msewu, kopanda galimoto, kumene munthu amafika monga mlendo nachokanso osamanga mudzi. Ku Yosemite, m'chigawo cha California, malo opatulidwa chotero ndi pafupifupi 95 peresenti ya paki yonse. Pamene oyenda m'zipululumo adali owerengeka, maudindo awiri aja sadavutane kwenikweni, pakuti thengo limatha kupoletsa mabala a anthu khumi lisadalandire mabala a anthu khumi ena.

Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 zinthu zidatembenuka. Misewu ikuluikulu idafupikitsa mtunda wochokera m'mizinda, ndipo katundu amene kale ankafuna bulu kapena hatchi adapepuka: mahema a nayiloni, zikwama za kumsana zokhala ndi timitengo ta aluminiyamu, timbaula ting'onoting'ono ndi zakudya zoumitsa zidachititsa kuti mnyamata kapena mtsikana wa pasukulu asenze yekha kamba wa mlungu wathunthu. Walira mvula walira matope. Aja amene, monga John Muir kalelo, adalalikira kuti anthu akwere mapiri akaone ulemerero wa chilengedwe, adayankhidwa mopitirira pempho lawo. Alonda a nkhalango ofika pa tinyanja ta pamwamba pa mapiri a Sierra Nevada ankapeza udzu wa m'mbali mwa madzi utapondedwa mpaka dothi kuuma gwa, mafuwa akuda ali mbwee paliponse pamene wina adasonkhapo moto, mitengo itasadzulidwa nthambi zonse zimene dzanja la munthu lingafikire, ndipo pansi pa mwala uliwonse woti n'kugubuduzika pali mapepala a anthu amene adadzithandiza pamenepo. Kumtunda kumeneko chipale chofewa chimakuta nthaka miyezi yambiri, ndipo zomera zimakhala ndi miyezi iwiri kapena itatu yokha yophukira ndi kubala mbewu. Chotero chimene mapazi aononga pa chilimwe chimodzi chimatenga zaka zochuluka kuti chibwerere.

Akatswiri ofufuza za nthaka ndi zomera adapezanso chinthu china chimene chidasintha maganizo a oyang'anira mapaki, ndicho chakuti chionongeko chachikulu cha malo omangapo msasa chimachitika pa masiku oyamba enieni: pamalo pamene pagonedwa kasanu kapena kakhumi paonongeka kale kwambiri, ndipo kugonapo kwa anthu ena zana pambuyo pake kumawonjezera pang'ono chabe. Tanthauzo lake n'lakuti khamu lomwazikana paliponse, aliyense kusankha malo atsopano osakhudzidwa, lingathe kuononga koposa khamu lomwelo litagona pamalo amodzi akale. Palinso chuma china chimene sichioneka ndi maso, koma chimatha msanga kuposa udzu: bata ndi kukhala payekha. Munthu amene wasenza katundu masiku atatu kufuna malo opanda phokoso, akafika n'kupeza mahema makumi atatu ndi wailesi ikulira, ndiye kuti chimene adadzera palibe, ngakhale mtengo uliwonse uli chiimire. Ndipo iye mwini, pofika pamenepo, wachotserako anzake chinthu chomwecho chimene iye akudandaula kuti chasowa.

Mu 1968 katswiri wina wa zamoyo, Garrett Hardin, adalemba nkhani yotchuka m'magazini ya Science yonena za tsoka limene limagwera chuma cha onse chopanda woletsa, natchula mapaki a boma, ndi chigwa cha Yosemite chomwe, monga chitsanzo chake. Wowerenga wa kwathu kuno sangavutike kumvetsa mfundoyo, pakuti m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati, kumene mitengo idatha kalekale ndi nkhuni, makala ndi zigafa za fodya, nkhalango yokhayo yotsala ndi ya kumanda. Ndipo idatsala, osati chifukwa mitengo yake ndi yolimba kuposa ina, koma chifukwa palibe amene amalowamo ndi nkhwangwa asanagwade kwa mfumu. Chilolezo cha ku America chilibe mizimu kumbuyo kwake, chili ndi chindapusa ndi mlonda wovala yunifolomu, koma ntchito yake ndi yomweyo: kuika kamphindi ka kufunsa pakati pa chilakolako cha munthu ndi chinthu chimene sichili chake yekha.

Chifukwa china, chokhudza moyo wa munthu ndi wa nyama pamodzi, ndi chimbalangondo. Usiku umodzi wa mwezi wa Ogasiti mu 1967, m'paki ya Glacier, m'chigawo cha Montana, atsikana awiri ogona kuthengo pamalo awiri otalikirana adaphedwa ndi zimbalangondo ziwiri zosiyana, ndipo kufufuza kudaonetsa kuti zilombozo zidazolowera kudya zinyalala ndi makombo a anthu. Kuyambira pamenepo mapaki adayamba kutseka maenje a zinyalala ndi kulamula kuti chilichonse chimene munthu walowa nacho atuluke nacho. Ku Yosemite zimbalangondo zakuda zidachenjera kotero kuti kupachika chakudya m'mwamba mwa mtengo kudasanduka kuziitanira ku phwando, pakuti zidaphunzira kudula chingwe ndi kuthyola nthambi. N'chifukwa chake lero wogona m'chipululu cha pakiyo amalamulidwa kutenga chigubu cholimba chimene chikhadabo ndi dzino sizingatsegule, naikamo chakudya chonse, zinyalala, sopo, mafuta odzola ndi mankhwala otsukira mano, chilichonse chokhala ndi fungo, n'kuchitseka ndi kuchisiya pansi chapatali ndi hema. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu: wosasamala amene wasiya thumba la shuga panja amapita kwawo bwinobwino, koma chilombo chimene walawitsacho chidzang'amba hema la wobwera mawa, ndipo potsiriza chidzawomberedwa ndi alonda. Chilolezo ndiyo njira imene paki imakumanira ndi wapaulendo aliyense asanalowe, kuti amve zimenezi ndi makutu ake.

Tsono mapaki sadasankhe njira imodzi yowerengera anthu, ndipo wopempha ayenera kudziwa mtundu wa chilolezo chimene akufunsa. Mtundu woyamba ndi wa zigono zoikika: ku Yellowstone kuli malo ogona a kuthengo pafupifupi 300, aliwonse ndi nambala yake, ndipo ku Glacier, ku Great Smoky Mountains ndi pa njira zikuluzikulu za Grand Canyon nakonso chilolezo chimatchula malo enieni ogona usiku uliwonse, kotero kuti wolembedwa kuti Lachiwiri adzagona pa chigono chakutichakuti sangagone pena, ngakhale mwendo utatupa kapena malo ena atamkomera. Ku Glacier chigono chotere chimakhala ndi malo a mahema pawokha, malo ophikira ndi kudyera pawokha, popachika chakudya, ndi chimbudzi chokumba. Mtundu wachiwiri ndi wa ku Yosemite, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1970 amawerenga anthu pa chiyambi cha njira iliyonse: njira yakuti ilandire anthu akuti patsiku, ndipo wolowayo, atayenda mtunda wolamulidwa, amadzisankhira yekha pogona. Mtundu wachitatu ndi wa ku Denali, ku Alaska, kumene chipululu chidagawidwa m'zigawo 87, ndipo 41 mwa izo zili ndi mlingo wa anthu ogonamo usiku umodzi. Kumeneko njira zolambulidwa n'zochepa kwambiri, chilolezo n'chaulere, sichisungitsidwa pasadakhale, ndipo chimaperekedwa pamaso m'pamaso, tsiku la ulendo kapena dzulo lake, munthu ataonera kanema wa malangizo. Njira yoyamba imateteza nthaka koposa koma imamanga wapaulendo. Yachiwiri imamsiyira ufulu koma imadalira ulemu wake. Yachitatu imafuna munthu wozolowera mapu ndi kuoloka mitsinje yozizira, wokonzeka kulandira chigawo chilichonse chimene wapeza chili chotsegula.

Kuika mlingo n'kosavuta. Chovuta ndi kugawa, pamene opempha ali zikwi ndipo malo ali makumi. Hardin yemwe uja adatchula njira zimene zilipo: kugulitsa kwa wopereka ndalama zambiri, kusankha mwa kuyenera kwa munthu, kupatsa woyamba kufika pa mzere, kapena kuchita maere. Kugulitsa kudakanidwa pakuti kukadasandutsa cholowa cha mtundu wonse kukhala munda wa olemera. Kusankha mwa kuyenera kukadafuna woweruza wa mitima ndi miyendo ya anthu. Chotero padatsala mzere ndi maere. Mzere udayesedwa nthawi yaitali. Ku Grand Canyon, kwa zaka zambiri, mapempho ankatumizidwa pa positi kapena pa makina a fax miyezi inayi ulendo usanafike, ndipo ofuna kuyenda pa mabwato awoawo mu mtsinje wa Colorado, umene umadutsa pansi pa chiphompho chimenecho, ankalembedwa m'kaundula woyembekezera amene adatalika kufikira maina oposa 8,000, kotero kuti wolembetsa kumene ankayembekeza zaka zoposa 20, mnyamata n'kusanduka wa imvi dzina lake lisadaitanidwe. Mu 2006 kaundulayo adalowedwa m'malo ndi maere olemerera mbali imodzi, opatsa mwayi wochulukirapo munthu amene watha zaka zambiri osayenda pa mtsinjewo. Maere si chinthu chachilendo pogawa dziko, pakuti ndi maere omwewo amene Yoswa adagawira Kanani kwa mafuko a Israyeli. Ubwino wake ngwakuti sadziwa nkhope, ndipo wokanidwa alibe munthu womkwiyira.

Lero mapaki ambiri amasakaniza njira ziwirizo, ndipo ntchito yambiri imachitikira pa tsamba la boma la pa intaneti lotchedwa Recreation.gov. Ku Yosemite, m'zaka zaposachedwa, 60 peresenti ya malo a njira iliyonse imagawidwa ndi maere a mlungu ndi mlungu, masabata 24 ulendo usanayambe, ndipo 40 peresenti yotsalayo imatsegulidwa masiku 7 ulendo usanafike, nthawi ya 7 koloko m'mawa ya ku California, imene m'miyezi ya chilimwe chawo ndi 4 koloko masana ku Lilongwe, Lusaka ndi Johannesburg. Pa njira zotchuka malowo amatha m'kanthawi kochepa. Kumene kuli mpikisano woopsa ndi pa njira ya John Muir Trail, ya makilomita pafupifupi 340, yochokera ku Happy Isles m'chigwa cha Yosemite kukafika pa nsonga ya phiri la Whitney, lotalika mamita 4,421. Kuyambira mu 2015 anthu 45 okha patsiku ndiwo amaloledwa kutuluka m'pakiyo kudzera pa mpata wa Donohue, umene njirayo imadutsa. Thanthwe la Half Dome, la m'paki yomweyo, limene mamita ake omaliza pafupifupi 120 amakweredwa pogwira zingwe zachitsulo, linkalandira anthu oposa 1,000 pa masiku ena, othinana pa zingwezo ndi phompho mbali zonse. Zilolezo zidayamba mu 2010, ndipo tsopano amaloledwa anthu 300 patsiku, 225 obwerera tsiku lomwelo ndi 75 ogona kuthengo. Pa njira yaikulu yokwerera Whitney, imene ili m'manja mwa Inyo National Forest, mlingo ndi anthu 100 obwerera ndi 60 ogona, ndipo kumeneko nthaka ndi yamiyala kotero kuti munthu amalamulidwa kudzithandizira m'thumba lapadera ndi kutsika nalo yekha.

Tiyeni tsono timtsate wopempha pa ntchito yake. Asanakhudze kompyuta ayenera kukhala pansi ndi mapu, nasankha polowera, potulukira, ndi mtunda wa tsiku lililonse, osawerenga makilomita okha komanso mamita okwera ndi otsika, ndi malo amene madzi amapezeka. Kenaka amatsegula akaunti m'dzina lake lenileni, pakuti chilolezo n'cha mtsogoleri wa ulendo wolembedwayo ndipo sichigulitsidwa kapena kupatsidwa kwa wina. Amalemba tsiku loyamba, chiwerengero cha anthu, njira imene akuifunitsitsa, ndi njira zina kapena masiku ena amene angalandire ngati yoyambayo yalephereka. Amalipira ndi khadi la kubanki: ku Yosemite ndi madola 10 olowera maere, osabwezedwa ngakhale walephera, ndi madola 5 pa munthu aliyense ngati wapambana; ku Great Smoky Mountains, kumene malo amasungitsidwa masiku 30 ulendo usanafike, ndi madola 8 pa munthu pa usiku. Yankho likabwera lokoma, pali masiku ochepa ovomerezera ndi kulipira, ndipo wozengereza amataya malo ake; Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ngakhale atalipira, chimene ali nacho ku Yosemite ndi lonjezo chabe, pakuti chikalata chenicheni amakachitenga yekha ku ofesi ya m'pakimo, dzulo la ulendo kapena m'mawa wa tsikulo nthawi yoikika isadakwane, apo ayi malowo amapatsidwa kwa wina. Ndalama ya pachipata cholowera m'paki ndi yapadera. Masiku, mitengo ndi malamulo amenewa amasintha chaka ndi chaka, kotero wanzeru amawerenga tsamba la pakiyo chaka chomwecho cha ulendo wake. Safunsa adadya phula.

Pa tebulo la ofesiyo mlonda amafunsa kuti chigubu cha chakudya chili kuti, naunikira pamapu malo amene mtsinje wadzaza, kumene moto wolusa watseka njira, ndi kumene chimbalangondo chavutitsa anthu mlungu umenewo. Kenaka amawerenga malamulo amene wopempha amasainira. Ku Yosemite hema limangidwe mamita osachepera 30 kuchokera pa madzi ndi pa njira, makilomita oposa 6 kuchokera ku malo odzaza anthu monga chigwa cha Yosemite ndi Tuolumne Meadows. Moto usasonkhedwe pamwamba pa mamita pafupifupi 2,900, kumene mitengo imakula mochedwa ndipo nkhuni zakugwa ndizo chakudya cha nthaka. Wodzithandiza akumbe kadzenje ka masentimita 15, kutali ndi madzi, nakwirira, koma pepala atuluke nalo. Gulu lisapitirire anthu 15 pa njira, kapena 8 ngati lichoka pa njira kulowa m'tchire. Chikalatacho chimayenda ndi mtsogoleri, ndipo mlonda wokumana naye pakati pa mapiri ali ndi mphamvu yochifunsa, yolipiritsa chindapusa, ndi yobweza wopanda chilolezo. Chinthu chimodzi chimene ambiri amalakwitsa ndi kuyesa chilolezo ngati lonjezo la chipulumutso: m'mapaki ambiri palibe amene amawerenga otuluka, ndipo alonda sayamba kufunafuna munthu kufikira wina atawauza kuti sadabwere. Choncho wapaulendo asiyire mbale wake kapena bwenzi lake ndondomeko yonse ya ulendo, ndi tsiku limene ayenera kuyamba kuda nkhawa.

Nanga munthu angachulukitse bwanji mwayi wake popanda chinyengo? Yankho lake ndi kufewa mtima. Opempha ambiri amathamangira njira zochepa zomwe adaziona pa zithunzi, Lachisanu ndi Loweruka, m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti. Koma woyamba ulendo Lachiwiri, wosankha Sepitembala pamene udzudzu watha ndipo ana abwerera ku sukulu, woyenda ndi anzake awiri m'malo mwa asanu ndi atatu, wolowera pa njira yosatchuka imene imakafika ku mapiri omwewo, amapeza khomo lotsegula pamene ena akulira. Ambiri amene adakanidwa ku Happy Isles amayenda John Muir Trail kuchokera kummwera kulowera kumpoto ndi chilolezo cha Inyo National Forest, pakuti chilolezo cha kumene ulendo wayambira chimalemekezedwa m'mapaki a Sequoia, Kings Canyon ndi Yosemite amene njirayo imadutsa. Malo obwezedwa ndi osintha maganizo amaonekanso pa tsambalo kwa woyang'ana kawirikawiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kufewa kumeneku kusafike polandira tsiku lililonse mwakhungu, pakuti mipata ya pamwamba ya Sierra Nevada ingathe kukhala ndi chipale chofewa mpaka Julayi ndipo mitsinje yake imakokolola anthu pamene chikusungunuka, pomwe pansi pa Grand Canyon, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamwamba, kutentha kwa chilimwe kumapitirira madigiri 40. Chilolezo chopezeka mosavuta nthawi zina chimapezeka chotero chifukwa odziwa adachikana.

Tisabise madandaulo, pakuti ngoona. Maere sadziwa nkhope, koma khomo lolowera m'maerewo limadziwa. Munthu wa ntchito yapamwamba, wodziwa tchuthi chake miyezi isanu ndi umodzi isanafike, wokhala ndi intaneti yothamanga ndi mpata wokhala pa kompyuta nthawi imene malo akutsegulidwa, ali patsogolo pa wantchito wa m'sitolo kapena wa m'chipatala amene ndondomeko yake ya ntchito imatuluka mlungu ndi mlungu. Ndipo wochokera kutsidya kwa nyanja, woyenera kugwirizanitsa tsiku la maere ndi tikiti ya ndege ndi chitupa cholowera m'dzikomo, ali pambuyo pa onsewo. Ndalama yolowera maere ndi yaing'ono, koma wolephera kakhumi walipira kakhumi osapondako. Kuyambira mu 2018 tsamba la Recreation.gov limayendetsedwa ndi kampani ya Booz Allen Hamilton pa mgwirizano ndi boma, ndipo anthu ambiri sakondwa kuti ndalama zolipirira pempho zithandize kampani m'malo mokonzera njira ndi zigono. Palinso ochenjeretsa anzawo: ena amalembetsa ulendo umodzi m'maina a abale onse, ena amagwiritsa mapulogalamu a kompyuta olondera malo obwezedwa usana ndi usiku, ena amasungitsa maulendo atatu pofuna kusankha umodzi pambuyo pake. Mapanga awiri avumbwitsa, koma pano wovumbwa si mwini mapangawo. Ndi mnzake amene adakanidwa, pamene chigono cholembedwa kuti n'chodzaza chikugona chopanda munthu.

Pansi pa madandaulo onsewa pali lina lakuya, limene wolemba moona sayenera kulilumpha. Zipululu zimene lero munthu amapempha kugonamo usiku umodzi sizidali zopanda eni. Chigwa cha Yosemite chidali mudzi wa anthu a Ahwahneechee, amene mu 1851 adathamangitsidwa ndi gulu la nkhondo lotchedwa Mariposa Battalion, m'masiku a mfumu yawo Tenaya, amene dzina lake latsala pa nyanja ina ya m'pakimo. Pa njira ya Bright Angel ku Grand Canyon, chigono china chimene anthu amachilimbirana pa maere chidali munda wa anthu a Havasupai, amene adachotsedwapo m'zaka za m'ma 1920, paki itakhazikitsidwa mu 1919. Ndipo ndi mu 2022 pamene, mwa pempho la fukolo, malowo adasinthidwa dzina kukhala Havasupai Gardens. Amene adakhalamo mibadwomibadwo osawaononga adatulutsidwa kuti malowo atchedwe osakhudzidwa ndi munthu. Wolandira chilolezo ayenera kudziwa mbiri imeneyi, kuti asadziyese wotulukira dziko latsopano, ndi kuti kukanidwa kwake pa maere akuyeze ndi muyeso woyenera.

Tikaika zonse pa sikelo, tiona kuti funso loti pakhale chilolezo kapena ayi lidayankhidwa kale ndi kuchuluka kwa anthu, pakuti malo amene National Park Service imayang'anira adalandira alendo oposa 330 miliyoni mu 2016, ndipo ngakhale ogona kuthengo ali kagawo kochepa ka khamu limenelo, tinyanja ndi madambo a kumapiri sadakule ndi phazi limodzi chiyambire 1872. Mkangano woyenera ndi wa kagawidwe: kusiya gawo lokwanira la malo kwa ofika mochedwa ndi ofika pamaso, kuwonjezera mwayi wa amene akanidwa kawirikawiri monga achitira pa mtsinje wa Colorado, kuonetsa poyera kumene ndalama zimapita, ndi kulanga osungitsa malo n'kusabwera. Zimenezo n'za boma ndi oyang'anira. Koma pali gawo limene lamulo silingakakamize, ndipo ndilo limasonyeza ngati munthu wamvetsa chimene adasainira. Ulendo ukalephereka, kaya ndi matenda, maliro kapena ntchito, wosunga chilolezo ali ndi njira ziwiri: kungokhala chete, popeza ndalama yake yapita kale, kapena kutaya mphindi zisanu kubweza malowo kuti aonekere kwa ena. Wochita chachiwirichi sadzamdziwa amene wapindula naye, ndipo palibe adzamthokoza. Komabe mwambo wonse wa zilolezo, ndi maere ake, milingo yake ndi alonda ake, umayenda bwino kapena kulephera molingana ndi kuchuluka kwa anthu otere.